Khirisimasi ya m'chisanu, asewele ndi azungu: patebulo ndikonze bwanji?

Funso: Ndili ku Leeds kuno ku England chaka chachitatu tsopano, ndimagwira ntchito yosamalira okalamba. Mwana wanga wamkazi ali pa chibwenzi ndi mnyamata wakonkuno, mzungu, ndipo akuti makolo a mnyamatayo abwera kudzadya nafe pa Khirisimasi. Kuphatikiza ine, bambo akunyumba, anzathu awiri a kutchalitchi ndi kamwana kawo tikhala anthu 9, koma tebulo langa ndi la anthu 6. Mafoloko awo aja sindidziwa amaika mbali iti. Nanga nsima ndiphike kapena ndikachita nayo manyazi? Ndithandizeni chonde, tulo sindikugona.

Yankho: Achemwali, mtima m'malo kaye. Ine ntchito yokonza matebulo ndaigwira zaka zoposa 15 kuno, m'mahotela ndi m'maukwati, ndipo ndikuuzeni zoona, m'nyumba za azungu wamba pa 25 December simukhala zija mumaona pa Instagram ayi, mumakhala mipando yobwereka kwa aneba, wina atakhala pa kasitulu kotsika mpaka chibwano chikufuna kugunda mbale, agogo atavala chisoti cha pepala chopendekeka uku akusinza. Nde musadzivutitse ngati kukubwera a mfumu Charles.

Foloko ndikuuzani poika, ndi nkhani ya mphindi ziwiri imeneyo. Zimene zimaononga chakudya cha Khirisimasi kuno ndi zinthu ziwiri zomwe kwathu sitiziganizira n'komwe, kuzizira ndi kuchepa kwa malo. Kwathu Khirisimasi imagwa m'dzinja, kunja kukutentha, mango ali mbwee, mpunga wa nkhuku mutha kuuika pamphasa pansi pa mtengo ukhala wofunda mpaka ana abwere kutchalitchi, ndipo anthu akachuluka ena amangotenga mbale yawo n'kukakhala pakhonde basi. Kuno khonde lake liti? Mbale yongotuluka mu kabati imazizira ngati yachokera mu fuliji, mukathirapo gravy, msuzi wa nyama uja, pasanathe mphindi zisanu mafuta agwirana kale pamwamba ayera kuti mbuu, ndipo anthu onse 9 muli m'kachipinda kamodzi mawindo otseka. Chilichonse chomwe muike patebulopo muzidzifunsa, kodi ichi chikuthandiza kuti chakudya chikhale chotentha ndi kuti munthu atambasule mkono, kapena chikungodya malo?

Tengani tepi muyeze tebulolo. Munthu mmodzi amafunika malo okwana masentimita 60 kuti adye ndi mpeni ndi foloko osagundana zigongono ndi mnzake, mukapanikiza kwambiri 55, kuchepera apo ndi minibasi ya ku Ndirande imeneyo. Anthu 9 pa tebulo la 6 sizitheka, musayese n'komwe. Pezani katebulo kena, kaya ndi desiki ya mwana wanuyo kaya tebulo lopinda lobwereka kutchalitchi, mulumikize kumapeto. Matebulo odyera ambiri amatalika pafupifupi masentimita 75 kuchoka pansi, nde ngati kenako ndi kofupikirapo ikani timatabwa kapena makatoni opinda pansi pa miyendo mpaka zifanane, chifukwa polumikizira paja ndi pamene tambula ya vinyo imagwera. Ndipo pamalo pamenepo musakhazikepo mlendo, pakhale inuyo kapena bambo akunyumba, miyendo ya matebulo awiri ikukumanirani m'maondo inu eni nyumba, asewele asazione zimenezo.

Musanayale nsalu yambani mwayala kabulangete kopyapyala kapena mathaulo akale. Anthu ambiri amadumpha zimenezi koma zimathandiza zedi, mbale sizisokosera, bakuli yotentha siotcha tebulo, makamaka ngati nyumba ndi ya lendi ndipo tebulo ndi la eni nyumba, komanso polumikizira paja pamabisika. Pamwamba pake nsalu imodzi yophimba matebulo onse awiri, ilendewere masentimita 20 mpaka 30 mbali zonse, osapitirira apo chifukwa anthu amaikhalira kenako wina podzuka amakoka zonse. Ngati mulibe nsalu yaitali choncho, shiti yoyera ya pabedi yochapa bwino imagwira ntchito, palibe angadziwe, bola muisite. Kusita ndi kumene kumasiyanitsa, nsalu yotchipa yositidwa imaoneka bwino kuposa yodula yokhala ndi mizere ya mu paketi.

Pakati ndiye ikanipo chitenje. Chipindeni m'litali chikhale cha masentimita ngati 35, chiyende pakati pa tebulo kuchoka uku mpaka uko. Sankhani chokhala ndi zofiira, zobiriwira kapena zagolide ngati chilipo, chichapeni kaye chifukwa zina zimasuluka zikangonyowa ndipo zingakuonongereni nsalu yoyera ija. Cha chipani chokhala ndi nkhope ya munthu chija ayi chonde, mudzatha ola lonse mukufotokoza ndale za kwathu. Ine ndaona kambirimbiri, chitenje ndi chimene alendo amayamba kufunsa akangokhala pansi, nkhani imayambira pomwepo ndipo ka chete kochititsa manyazi ka poyamba kaja kamatha.

Tsopano mafoloko aja. Kumbukirani dzanja lodyera nsima. Mbali imeneyo, kumanja kwa mbale, kumakhala mpeni, kuthwa kwake kuyang'ane mbale, kenako supuni ya supu kunja kwa mpeniwo ngati kuli supu, ndipo matambula amakhala chakumtunda kwa mpeni. Kumanzere kumakhala foloko, seviyeti, ndi kambale ka buledi ngati mukupereka buledi. Supuni ndi kafoloko kodyera zotsekemera zimagona chopingasa kumtunda kwa mbale, chogwirira cha supuni chiloze kumanja, cha foloko kumanzere. Zikakhala zambiri munthu amayamba ndi zakunja kumalowa mkati. Basitu, lamulo lonse ndi limenelo. Koma langizo langa, pa tebulo lothina ngati lanuli musaike chilichonse chomwe sichigwiritsidwa ntchito. Mpeni umodzi, foloko imodzi, supuni imodzi kumtunda, tambula ya madzi ndi ya vinyo kapena ya zoziziritsa kukhosi, zakwana. Kambale ka buledi kasiyeni, pa nsima ndi mbatatesi buledi wa chiyaninso. Zitsulozo zipukuteni ndi kansalu kouma mutaziviika m'madzi otentha, madontho a madzi aja amaoneka kwambiri pa kuwala kwa kandulo, ndipo poika siyani kampata ngati ka chala chachikulu kuchoka m'mphepete mwa tebulo, zonse zifanane mzere. Mbale zikapanda kufanana musadandaule, m'mashopu a charity aja mumapezeka zoyera zambirimbiri zotchipa, zoyera ndi zoyera zimagwirizana ngakhale zili za mitundu itatu.

Mbale zodyerazo musaziyale patebulo m'mawa ngati momwe amachitira pa zithunzi. Yalani zina zonse usiku wa pa 24, nsalu, mafoloko, matambula ovundikira, koma mbale zizibwera zotentha nthawi yodya itakwana. Nkhukundembo ikatuluka mu uvuni imayenera kupuma kaye mphindi 30 kapena kuposa itafundidwa ndi foyilo ndi thaulo, mbatatesi zikamaliza zimitsani uvuni mulowetsemo mbale kwa mphindi zochepa, kapena muziviike mu sinki ya madzi otentha n'kupukuta. Zitenthe moti mutha kuzigwira ndi kansalu, osati zootcha mlendo. Zokhala ndi mkombero wagolide zija musaziike mu microwave, zimathetheka moto. Jagi ya gravy nayo ithireni madzi owira kaye, khuthulani, kenako thirani gravy, ndipo ina isungeni mu fulasiki ya tiyi yoti muziwonjezera, azungu pa gravy sanyengerera, ikatha kapena ikazizira amaona ngati chakudya chonse chalakwika.

Mabakuli asakwere patebulo. Apa ndi pamene ife a kwathu timalakwitsa kwambiri, timafuna chakudya chonse chionekere pamodzi, mpunga, nkhuku, nsomba, nyemba, saladi, zonse ndandanda kuti alendo aone kuti takonzeka, mapeto ake munthu alibe poika tambula. Ikani zonse pa kabati ya pambali kapena kukhitchini komweko zili zovundikira, aliyense adzitengere ndi mbale yake yotentha n'kudzakhala pansi, akuluakulu ayambe. Patebulo pakhale gravy, cranberry sauce (kajamu kofiira kodyera nkhukundembo), mchere, jagi ya madzi ndi botolo la Nali ngati mwalipeza ku shopu ya zakudya za ku Africa, koma muwachenjeze asewele asathire ngati tomato sosi.

Nsima phikani. Ndikubwereza, phikani, manyazi a chiyani. Anthu amenewa nkhukundembo ndi timakabichi ting'onoting'ono totchedwa Brussels sprouts akhala akudya chaka ndi chaka kuyambira ali ana, akubwera kwa inu kudzaona kumene mpongozi wawo wachokera. Kungoti musawalande zawo zonse, pa tsikuli mzungu akapanda kuona mbatatesi zootcha mu uvuni ndi gravy amamva ngati momwe tingamvere ife Khirisimasi yopanda mpunga ndi nkhuku, nde zonse ziwiri zikhalepo. Vuto la nsima kuno ndi lomwe lija, imauma khungu msanga. Ikhale chinthu chomaliza kuphika, anthu atafika kale akumwa kenakake pabalaza, muomole mitanda ing'onoing'ono, theka la ija timaomola kwathu, chipande mukuviika m'madzi, muike mu bakuli lomwe mwalitenthetsa kale ndi madzi owira n'kuvundikira pompo. Mtanda waung'ono mlendo saopa kuyesa, waukulu amangouyang'ana n'kudutsa. Ndiwo zake zikhale za msuzi wogwira, nkhuku ya tomato ndi anyezi kapena tilapia m'malo mwa chambo, ndi masamba, aja pa Chingelezi amati kale kapena spring greens amalowa bwino m'malo mwa repu.

Koma pa masamba otendera imani kaye. Mufunse mwana wanuyo lero lomwe ngati pali wina amene thupi lake limadana ndi mtedza. Kuno si nkhani yocheza, alipo anthu amene kansinjiro pang'ono kokha kamawatseka pakhosi mpaka ambulansi, ndipo iwo sangaganize kuti m'masamba muli mtedza. Ngati alipo musatendere n'komwe tsiku limenelo, ngati palibe tenderani koma nenanibe poyera ndipo ndiwozo zikhale ndi supuni yakeyake. Mufunsenso ngati pali osadya nyama, ndi ambiri kuno.

Zosamba m'manja chitani mwa kwathu, jagi ya madzi ofunda, beseni ndi kathaulo koyera, mwana wanuyo azungulire kuthirira anthu kuyambira akuluakulu. Zimatenga mphindi zitatu zokha koma ndaona azimayi achizungu akugwidwa nazo mtima zedi, ena mpaka kujambula. Aliyense mumuikirebe mpeni ndi foloko, wofuna kudya nsima ndi foloko msiyeni, musamuseke, ndipo maseviyeti akhale ambiri, ansalu amodzi pa munthu aliyense ndi apepala ena pafupi.

Za makandulo. Ku Leeds pa Khirisimasi dzuwa limalowa 4 koloko isanakwane, nde ngakhale muyambe kudya 2 koloko masana mudzamaliza kuli mdima, kuwala ndi mbali ya tebulo lanu. Getsi lalikulu la kudenga lija limaonetsa anthu ngati ali pa mzere kuchipatala, zimitsani, yatsani nyale ya pakona ndi timagetsi ta pa mtengo wa Khirisimasi, patebulo muike timakandulo tating'ono m'mabotolo a jamu ochapa bwino, atatu kapena asanu. Onunkhira aja ayi, fungo la vanila likasakanikirana ndi la nsomba palibe amene amakondwa. Chokongoletsa chapakati chisatalike kuposa masentimita 30, ikani chigongono patebulo, chikapitirira pa nkhonya yanu ndiye kuti chatalika, anthu azidzasuzumirana ngati akubisalirana m'chimanga. Tinthambi ta paini tochepa, manachesi angapo ndi timakandulo tija pa chitenje, zatha. Holly uja wa zipatso zofiira ndi wokongola koma zipatsozo ndi zapoizoni ndipo pali kamwana, msiyeni pachitseko.

Chifukwa chomwe ndikunenera za mabotolo ndi ichi. Khirisimasi yanga yachiwiri kuno ndinagula makandulo aatali awiri ofiira, ndinawaimika pakati monyadira ngati kuguwa, ndiye mwana wa mnzanga anadzuka kuti atenge gravy, chisoti chake cha pepala chinatsetsereka n'kugwera pa lawi lenilenilo. Pepala lake ndi lopyapyala ngati la tishu, linangoti lawi kamodzi, bambo wina anathira Fanta, alamu ya utsi inayamba kulira, tinatsegula mawindo onse kunja kukuzizira koopsa, pomwe timakhalanso pansi nsima inali itasanduka mwala ndipo nsalu yanga inabooka pakati. Kuyambira tsiku limenelo lawi kwanga limakhala mkati mwa botolo, kapena ndimagula timakandulo ta mabatire tija, patali simungasiyanitse.

Zisotizo zimachokera mu ma cracker, mapepala okulunga ngati switi yaikulu omwe amaphulika mukawakoka, ndipo amenewa gulani ndithu, bokosi limakhala ndi 6 kapena 12, ku Tesco, Asda, Aldi konse aliko, otchipa ndi odula kulira kwake ndi kumodzi. Anayambitsa ndi Tom Smith, wogulitsa maswiti wa ku London, m'zaka za m'ma 1840, ndipo mpaka lero tebulo la Khirisimasi la ku Britain lopanda cracker silinathe. Ikani imodzi pamalo pa munthu aliyense, pomwe padzakhale mbale paja, ndiye kuti pamalopo sipaoneka popanda kanthu pomwe mbale zili kotenthetsa. Musanayambe kudya aliyense amapingasa mikono, kugwira yake ndi ya mnzake wa pambali, kukoka limodzi, phaa, mkati mumatuluka chisoti, kamphatso kachabechabe ndi kapepala ka nthabwala yosaseketsa yomwe amawerenga mokweza anthu n'kumabuula. Chisoticho valani achemwali, ngakhale mwakonzetsa tsitsi la ndalama zambiri, bambo akunyumba nawonso avale. Wokana chisoti amaoneka ngati wakwiya.

Pokhazika anthu musalole kuti a kwathu akhale mbali imodzi azungu mbali ina ngati pa chinkhoswe, pakangotha mphindi khumi mbali yanu iyamba Chichewa ndi kuseka, enawo aziganiza kuti mukuwanena. Lembani maina pa timapepala muike pa malo, musakanize. Mayi a mnyamatayo akhale pafupi ndi bambo akunyumba, bambo ake pafupi ndi inu, mnzanu wa kutchalitchi wolongolola uja mumuike pakati penipeni kuti azikoka nkhani mbali zonse, kamwana kakhale kumapeto pafupi ndi mayi ake kutali ndi lawi. Achikulire asakhale pafupi ndi chitseko cholowa mphepo, komanso osati msana utatsamira radiator, hita ya pakhoma ija. Inuyo khalani mpando wa kufupi ndi khitchini. Ndikudziwa kumudzi mkamwini ndi apongozi sadyera pamodzi, ena amachita kupatukirana panjira, koma kuno mnyamatayo akhala moyang'anizana nanu akukupatsirani mchere, mwinanso akukumbatirani pakhomo, limbani mtima.

Ndipo mukhale pansi mudye nawo. Ife tinazolowera kuti mayi wa pakhomo amangozungulira, kuwonjezera ichi kuchotsa icho, kudya pambuyo kukhitchini ataimirira. Azungu ambiri sayamba kudya mwini nyumba asanakhale pansi, adzangokhala manja pamiyendo akumwetulira chakudya chikuzizira, inu muli kalikiliki ndi mapoto mukuganiza kuti akudya. Ngati mukuchedwa auzeni momveka kuti ayambe. Pemphero nalo lichitike chakudya chisanaomoledwe, anthu atangokhala pansi, chifukwa ndikuwadziwa abale athu a kumpingo, akapatsidwa mpata amayambira ku Genesis kupempherera ndi boma lomwe, nsima ili pambale.

Nthawi mufunse asewelewo. Mabanja ambiri amaonera uthenga wa mfumu pa TV 3 koloko masana, ena amafuna akhale atadya kale, ena amadya ukatha, ena alibe nazo ntchito. Ndipo mukati 2 koloko iwo 2 koloko yomweyo ali pakhomo ndi botolo la vinyo m'manja, osati nthawi yathu ija. Botololo landirani, funsani ngati mutsegule, ngati kwanu simumwa nenani mwana wanu awauziretu, sizovuta. Majekete awo onyowa aikeni pabedi kuchipinda, asapachikidwe kumbuyo kwa mipando, malo ndi ochepa kale. Hita tsitsani pang'ono alendo asanafike, uvuni woyaka kuyambira m'mawa kuphatikiza anthu 9 chipinda chimatentha chokha, ndipo tsegulani pang'ono windo la kukhitchini kuti nthunzi ndi fungo la nsomba zituluke, apo ayi mawindo onse achita thukuta.

Mukamaliza zamchere chotsani mbale zonse, gravy ndi Nali yemwe, pukutani nyenyeswa, ndiye mubweretse zotsekemera patebulo poyera. Christmas pudding, keke ya zipatso zouma yophika ndi nthunzi ija, ngati simunaipangepo musalimbane nayo, auzeni asewele abweretse, amasangalala kupatsidwa chochita, ndipo bambowo ndi amene athire brandy wofunditsa n'kuyatsa magetsi atazimitsa, lawi lake limakhala la buluu, zisoti zapepala zikhale patali. Inu ikani pambali pake mbale ya timandasi tating'ono totentha kapena zitumbuwa ndi tiyi wa kwathu ngati muli naye wa ku Thyolo kapena Mulanje.

Zogula zonse malizani pa 23, chifukwa pa 24 mashopu amatseka msanga ndipo pa 25 masitolo akuluakulu ku England satsegula, ndi lamulo, mukaiwala machesi kapena foyilo mudzazungulira m'chisanu kusaka kashopu ka pakona. Nkhukundembo ngati ndi youma ndi ayisi imafuna maola 10 mpaka 12 pa kilogalamu iliyonse kuti isungunuke mu fuliji, ya makilogalamu 5 ndiye kuti itsike pa 22. Ndipo anzanu a kutchalitchiwo ngati alibe galimoto mukambirane kale za mayendedwe, sitima siziyenda tsiku limenelo, mabasi nawo pafupifupi onse amaima, matakisi amakwera mtengo, nde mwina konzeranitu matilesi ndi mabulangete pabalaza, tebulo lowonjezera lija mukalipinda malo apezeka.